Ulendo woona manda akale a Newgrange ndi Knowth ku Ireland: kodi €18 ndi yoyenera?

Munthu sangangoimika galimoto pafupi ndi manda akale a Newgrange, m'boma la Meath ku Ireland, n'kulipira pachipata kuti alowe. Aliyense wofuna kulowa m'mandawo, kapena kuyenda pakati pa zitunda za ku Knowth, amayambira ku malo olandirira alendo a Brú na Bóinne, omwe ali tsidya lina la mtsinje wa Boyne pafupi ndi mudzi wa Donore, ndipo amakafika ku mandako pa basi ya malowo, pa nthawi yolembedwa pa tikiti yake, ali m'gulu lotsogoleredwa ndi woperekeza alendo. Ntchito yonseyi ili m'manja mwa nthambi ya boma yotchedwa Office of Public Works, imene imasamalira nyumba ndi malo ambiri a mbiri yakale m'dzikolo. Ndalemba ndemangayi poganizira makamaka anzathu okhala ku Dublin ndi matauni oyandikira, amene amadutsa pafupi ndi malowa popita ku Drogheda kapena ku Belfast koma sanapatukirepo. Maganizo anga ndi akuti ulendowu ndi woyenera ndalama zake, ndipo zoletsa zambiri zimene mlendo amakumana nazo ndi mbali ya chimene akulipirira, chifukwa popanda zoletsazo sipakanatsala zambiri zoti n'kuona.

Mandawa anamangidwa cha m'ma 3200 Khristu asanabadwe, kutanthauza zaka zoposa 5,000 zapitazo, mapiramidi a ku Giza ku Egypt asanamangidwe ndiponso miyala ikuluikulu ya ku Stonehenge ku England isanaimikidwe. Omanga ake anali alimi a tirigu ndi balere, oweta ng'ombe, nkhosa ndi nkhumba, amene sankadziwa chitsulo kapena mkuwa, moti zida zawo zinali za miyala, mitengo, mafupa ndi nyanga. Ankayamba ndi kuimika miyala mizere iwiri kuti pakati pakhale mpita wolowera ku chipinda, ankafolera mpitawo ndi miyala yathyathyathya, kenako n'kuunjika miyala ndi dothi pamwamba mpaka pamalopo pataoneka phiri. Chitunda cha Newgrange n'chotambalala pafupifupi mamita 85, n'chotalika pafupifupi mamita 13, ndipo akatswiri amayerekeza kuti zimene zinaunjikidwapo zimalemera matani 200,000. Tsinde lake lazunguliridwa ndi miyala ikuluikulu 97 yogonekedwa motsatizana. Miyala yambiri yoteroyo inachokera ku gombe la Clogherhead, nsangalabwi zoyera zinachokera ku mapiri a Wicklow kummwera kwa Dublin, ndipo miyala yobulungira yakuda inachokera kumpoto, cha ku Dundalk, zomwe zikusonyeza kuti ntchitoyi inakhudza anthu a madera otalikirana.

Matikiti amagulidwa pa intaneti, ndipo amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 30 kuti tsiku la ulendo lifike. M'miyezi yotentha amatha msanga, makamaka a Loweruka ndi Lamlungu, choncho wongodzuka m'mawa n'kunyamuka wopanda tikiti angathe kuona chionetsero chokha n'kubwerera. Pamene ndinapitako, tikiti ya munthu wamkulu yoonera zonse, kutanthauza chionetsero, Knowth ndi kulowa m'chipinda cha Newgrange, inali €18, ndipo ana, ophunzira, okalamba ndi mabanja anali ndi mitengo yawo yotsikirapo. Pali matikiti enanso otchipa oonera malo amodzi kapena chionetsero chokha, koma ndikufotokozerani pansipa chifukwa chake sindikuwalimbikitsa. Kuchokera ku Dublin ndi ulendo wa pafupifupi makilomita 50, osakwana ola limodzi pa galimoto. Wopanda galimoto amakwera sitima kapena basi mpaka ku Drogheda, n'kupitiriza pa basi ya m'deralo kapena pa takisi. Palinso makampani a ku Dublin ogulitsa ulendo wa tsiku limodzi wa m'chigwa cha Boyne, ndipo ndi bwino kuwafunsa mosapita m'mbali ngati mtengo wawo ukuphatikizapo kulowa m'chipinda cha manda, popeza kampani ina imene ndinaifunsa inkatchula Newgrange pa chikalata chake pamene inkangoimitsa basi patali kuti anthu ajambule zithunzi.

Za nyumba yolandirira alendo sindichulutsa mawu. Inatsegulidwa mu 1997, chionetsero chake chinakonzedwanso mwamakono cha m'ma 2019, ndipo inamangidwa mobisika m'mbali mwa chigwa kuti isamaonekere patali. Chionetserocho chimafotokoza bwino za moyo wa omangawo, za mtsinje umene unkawadyetsa nsomba ndi kuwanyamulira katundu, ndi za njira zimene mwina ankakokera miyala yolemera matani angapo. Ndi chabwino kwa ana ndiponso kwa iwo amene sangathe kulowa mu mpita wopanikiza wa Newgrange. Pali malo odyera ogulitsa supu, buledi, tiyi ndi makeke pa mitengo ya masiku onse ya malo a alendo, ndi kasitolo ka mabuku ndi mphatso. Kufika kutatsala theka la ola kapena kupitirirapo kuti nthawi ya basi ikwane n'kokwanira.

Kuchokera pamenepo alendo amawoloka mtsinje wa Boyne pa mlatho wa oyenda pansi, n'kukapeza basi tsidya linalo. Anthu ena amaona ngati kuzungulira kumeneku n'kungotayitsa nthawi, koma pali chifukwa chomveka. Kale magalimoto ndi mabasi a alendo ankaimikidwa m'timisewu topanikiza ta pafupi ndi chitunda, ndipo khamu la anthu linkafika nthawi imodzi pa mpita umene munthu amadutsamo yekhayekha. Poika malo oimika magalimoto, zimbudzi ndi malo odyera kummwera kwa mtsinje, boma linasiya mbali ya kumpoto ili minda, mipanda ya zitsamba ndi msipu wa ng'ombe, moti mlendo amaona zitundazo zili pamwamba pa mitunda yake popanda masitolo ozitchinga. Linapezanso njira yowerengera anthu olowa m'manda pa tsiku, zimene n'zofunika chifukwa mpweya wa anthu, chinyezi ndi kukhudzana kwa zovala ndi miyala zimafufuta pang'onopang'ono zojambula zimene zapirira zaka masauzande.

Basi yathu inayambira ku Knowth, ndipo kumeneko n'kumene ndinakhutira kwambiri, ngakhale kuti dzina lotchuka pa zikwangwani ndi la Newgrange. Chitunda chachikulu cha Knowth n'chofanana kukula ndi cha Newgrange, koma chili ndi mipita iwiri, wina wolowera kummawa ndi wina wolowera kumadzulo, imene imatsala pang'ono kukumana pakati osakumana, ndipo chazunguliridwa ndi timanda tina toposa 15, tina mwa ito takale kuposa chitunda chachikulucho. Katswiri wofukula zinthu zakale George Eogan anayamba ntchito pamalowa mu 1962, anapeza mpita wa kumadzulo mu 1967 ndi wa kummawa mu 1968, ndipo anapitiriza kufukula kwa zaka pafupifupi 40. Chuma chenicheni cha Knowth ndi miyala yoposa 120 yozungulira tsinde, imene yambiri yake ndi yogobedwa mizere yodzikulunga, yokhotakhota, mabwalo ndi zizindikiro zofanana ndi mwezi wongooneka kumene. Palibe malo ena ku Ulaya wa kumadzulo amene ali ndi zojambula za mtunduwu zochuluka chonchi pamalo amodzi. Woperekeza wathu anatiyendetsa mwala ndi mwala mosathamanga, ndipo ndinayamikira kuti pofotokoza maganizo a iwo amene amati zojambulazo ndi kalendala ya mwezi kapena mapu a nyenyezi, ankanena momveka kuti awo ndi maganizo a anthu, osati zotsimikizika.

Ku Knowth n'kumenenso mlendo amaona ndi maso ake mmene chitetezo cha malo otere chimagwirira ntchito. Pamwamba pa miyala yogobedwayo anaikapo chibumi cha konkire chotulukira kunja kuti mvula yotsetsereka pa chitunda isamaigwere, ndipo m'miyezi yozizira malowa amatsekedwa, miyalayo n'kukutidwa kuti madzi oundana asaing'ambe. Chibumicho sichikongola, ndipo palibe amene angachisokoneze ndi ntchito ya anthu akale, koma ubwino wake uli pomwepo, chifukwa mlendo amasiyanitsa mosavuta chakale ndi chatsopano. Mipita iwiri ija ndi yotsekedwa kwa alendo, zimene zimakhumudwitsa ena akamva kuti wa kummawa ndi wautali mamita 40, kuposa kawiri wa ku Newgrange. M'malo mwake mlendo amaloledwa kukwera masitepe mpaka pamwamba pa chitunda, pomwe amaona chigwa chonse cha Boyne, ndipo kukakhala kopanda mitambo amaona mapiri a Wicklow kumene nsangalabwi zija zinachokera. Pamwamba pomwepo panakhalapo mafumu a dera la Brega m'zaka za chikhristu choyambirira, anakumbapo ngalande zodzitetezera ndi tinjira tobisalamo ta pansi, ndipo mabuku akale a mbiri ya Ireland amati m'chaka cha 863 ankhondo a Viking ochokera kumpoto kwa Ulaya analowa m'mapanga a Knowth ndi a Dowth, manda ena aakulu a m'derali, kufunafuna chuma. Mutu wa chibonga wosemedwa mwaluso pa mwala wolimba, umene unapezeka m'chipinda cha kummawa mu 1982, suli pamalopo, koma uli ku National Museum of Ireland ku Dublin, kumene kulowa n'kwaulere.

Newgrange imaoneka mosiyana kwambiri. Basi isanaime, maso amakhala atakopeka kale ndi khoma lalitali loyera la nsangalabwi limene lili kumaso kwa chitunda, ndipo khoma limeneli ndi lomwe limapezeka pa zithunzi zonse zoitanira alendo. Chimene mlendo ayenera kudziwa asanayambe kulitamanda n'chakuti khomalo linamangidwa m'zaka za m'ma 1970. Pulofesa Michael J. O'Kelly wa ku University College Cork, yemwe anafukula malowa kuyambira 1962 mpaka 1975, anapeza nsangalabwi zoyera zitamwazika pansi patsogolo pa chitunda, zosakanikirana ndi miyala yobulungira yakuda. Ataona mmene zinagonera, ndiponso atayesa kumanga kachigawo ka khoma n'kukagwetsa kuti aone mmene miyala imagwera, anatsimikiza mumtima mwake kuti poyamba inali khoma loimirira limene linagumuka. Pokonzanso chitundacho, nsangalabwizo zinamatidwa pa khoma la konkire lokhala ndi zitsulo mkati.

Akatswiri ambiri sanagwirizane naye, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero. Otsutsa amati khoma loimirira chotero silikanaima popanda simenti, imene omanga akalewo analibe, ndipo ena, monga Gabriel Cooney, amaganiza kuti nsangalabwizo zinayalidwa pansi ngati bwalo loyera patsogolo pa khomo. George Eogan atapeza miyala yofananayo pa makomo a Knowth, anaisiya pansi momwe anaipezera. Apa m'pamene tikiti yoonera malo onse awiri imaposa ya Newgrange yokha, pakuti mu ola limodzi mlendo amaona njira ziwiri zimene akatswiri awiri a nthawi imodzi anatsata pa umboni wofanana, n'kudziweruzira yekha. Ine ndili kumbali ya Knowth. Sindikuti O'Kelly anachita mwachisawawa, chifukwa anali wofukula wosamala, ndipo mkazi wake Claire O'Kelly analemba ndi kujambula zogobedwa za pamalopo mwadongosolo limene likugwirabe ntchito, koma khoma la konkire limapereka yankho limodzi pa funso limene likadali lotseguka, ndipo n'zovuta kulichotsa popanda kuwononga zina. Malamulo a masiku ano osamalira malo a mbiri yakale salola msanga kumanganso kotere. Woperekeza wathu sanabise nkhaniyi, anaitchula yekha tisanafunse, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndikupatsira ntchitoyi ulemu.

Pakhomo pali mwala wotchuka wogobedwa mizere yodzikulunga, umene uli pamalo pake penipeni pomwe omanga anaugoneka, ndipo alendo amaulambalala pa masitepe a matabwa kuti asaukwere. Asanalowe, gulu limagawidwa pawiri, ena n'kuyamba ayendera kunja, ndipo olowa amauzidwa kuti zikwama azinyamulire pansi kutsogolo kwawo kuti zisakhule makoma, komanso kuti kujambula zithunzi mkati n'koletsedwa. Mpita ndi wautali mamita 19, ndipo pena umapanikiza moti munthu wathupi amayenda chammbali, wamtali n'kumawerama. Amene amabanika m'malo opanikiza amalangizidwa kukhala kumapeto kwa mzere kuti atuluke mosavuta akafuna, ndipo woyenda pa njinga ya olumala sangathe kulowa.

Mkati muli chipinda chokhala ndi timalo titatu tolowera m'khoma, kumanja, kumanzere ndi kutsogolo, ndipo m'timalomo muli mabeseni a miyala mmene ankaikamo mafupa a akufa, ena otenthedwa ena osatenthedwa. Denga ndi limene linandigwira mtima kuposa china chilichonse. Linamangidwa posanjikiza miyala yathyathyathya mozungulira, uliwonse utatulukira mkati pang'ono kuposa wa pansi pake, mpaka pamwamba patatsala kampata kotsekedwa ndi mwala umodzi, pa utali wa mamita 6 kuchokera pansi. Denga limeneli silinaphwasulidwepo kapena kumangidwanso, lilibe simenti, ndipo silidontha m'dziko limene mvula yake siisowa mwezi. O'Kelly anapeza kuti omangawo anagoba tingalande pamwamba pa miyala yofolera mpita kuti madzi azitsetserekera kunja, ndipo mipata anaimata ndi dothi lowotcha losakaniza ndi mchenga wa kunyanja. Kunena zoona, luso limeneli ndi loyenera kulipirira ngakhale pakanapanda nkhani ya dzuwa.

Nkhani ya dzuwayo ndi imene inatchukitsa Newgrange. Pamwamba pa khomo pali kawindo kopangidwa mwadala ndi miyala, ndipo popeza mpita umakwera pang'onopang'ono, kawindoko kali pa msinkhu wofanana ndi pansi pa chipinda. M'masiku afupiafupi kwambiri a chaka, cha pa 21 Disembala, dzuwa likangotuluka kuseri kwa mtunda wa tsidya la mtsinje, kuwala kwake kumalowa pakawindoko, kumatsata mpita wonse n'kufika m'chipinda kwa mphindi pafupifupi 17. O'Kelly anaona zimenezi pa 21 Disembala 1967, atamva anthu a m'deralo akunena kuti pali tsiku limene dzuwa limalowa m'mandamo. Kwa alendo a masiku ena, woperekeza amazimitsa magetsi onse, mdima wa ndiweyani n'kugwa, kenako amayatsa pang'onopang'ono nyali yoyerekeza kuwala kuja. N'chiyerekezo chabe, ndipo amanena kuti n'chiyerekezo, koma chimathandiza kumvetsa kuti omangawo analondola dzuwa kwa zaka zambiri asanaike mwala woyamba. Zonse za m'chipinda zimatha m'mphindi 10 kapena kupitirira pang'ono, chifukwa gulu lina limakhala likudikira panja. Nthawi imeneyi ndi yochepa kwa munthu amene akufuna kuyang'anitsitsa zogobedwa, ndipo pa ulendo wa maola pafupifupi atatu ena angaone ngati aperewedwa, koma kuiwonjezera kungatanthauze kuchepetsa anthu olowa pa tsiku kapena kuchulukitsa anthu m'chipinda nthawi imodzi, ndipo pa ziwirizi palibe chimene ndingasankhe.

Ofuna kuona dzuwa lenileni amalowa mayere aulere amene amachitika chaka ndi chaka, ndipo maina amatoledwa ndi ana a sukulu za m'deralo. M'zaka zina olembetsa apitirira 30,000, pamene malo ake ndi a anthu ochepa pa m'mawa uliwonse wa masiku ozungulira 21 Disembala, ndipo wopambana angathe kupeza kumwamba kuli mitambo. Kuyambira nthawi ya Covid-19, mwambowu waonetsedwanso pa intaneti.

Za anthu amene anaikidwa m'mandamo zikudziwika zochepa poyerekeza ndi kukula kwa nyumba yawo. Mafupa amene O'Kelly anapeza anali a anthu owerengeka, popeza chipindacho chinali chitalowedwa ndi alendo kwa zaka zoposa 250 iye asanafike. Mu 2020 ofufuza a ku Trinity College Dublin, motsogozedwa ndi Lara Cassidy, anaunika DNA ya fupa la mwamuna wina wa m'chipindamo n'kupeza kuti makolo ake anali apachibale chapafupi kwambiri, mwina mlongo ndi mlongo wake, kapena kholo ndi mwana. Iwo anaganiza kuti zimenezi zikusonyeza banja lachifumu limene linkaloledwa kuchita zoletsedwa kwa anthu wamba, koma akatswiri ena atsutsa kuti fupa la munthu mmodzi silingakhale umboni wa ufumu wonse.

Kwa ife amene tinakulira kumene munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha mfumu, ndiponso kumene mitengo ya kumanda imatsala ili chiimire ngakhale nkhalango yonse yozungulira itathera ku makala, kugula tikiti yolowera m'manda a eni kumadzutsa funso mumtima. Chodabwitsa n'chakuti ku Ireland nakonso chimene chinasunga zitunda zambiri kwa nthawi yaitali chinali mantha ndi ulemu, osati lamulo lolembedwa. Nthano zawo zakale zimati Newgrange inali nyumba ya milungu, Dagda ndi mwana wake Aengus, ndipo mpaka m'zaka zaposachedwapa alimi ambiri ankakana kulima kapena kugumula zitunda zakale poopa tsoka lochokera kwa mizimu yokhalamo. Ngakhale Aroma, kapena anthu ochita nawo malonda, anasiya ndalama ndi zokongoletsera za golide pafupi ndi khomo ngati nsembe. Ulemuwo utayamba kuzilala, chiwonongeko chinabwera. Mu 1699 antchito a mwini munda, Charles Campbell, akuchotsa miyala pa chitundacho kuti akagwiritse ntchito zina, anatulukira khomo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankalowa mmene wafunira. Maina ndi zaka zimene alendo a m'ma 1800 anazokota pa miyala ya m'chipinda zikuonekabe, pambali pa zojambula za zaka 5,000. Operekeza alendo amakumbutsa gulu kuti ano ndi manda, ndipo anthu amatsitsa mawu okha, zimene zinandikhazika mtima pansi pang'ono.

Lamulo linalowererapo mu 1882, pamene Newgrange ndi Dowth zinaikidwa m'manja mwa boma, ndipo dziko la Ireland litadzilamulira linakhazikitsa lamulo lake loteteza malo otere mu 1930, kenako mu 2023 linakhazikitsa lina loti lilowe m'malo mwake. Mu 1993 bungwe la UNESCO linaika dera la Brú na Bóinne pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, mndandanda womwewo umene uli ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza kuyambira 2006. Dera lotetezedwalo ndi la mahekitala oposa 750, ndipo lazunguliridwa ndi dera lina lalikulu kumene chomanga chilichonse chimaunikidwa mosamala. Chimene chionetsero sichitsindika kwenikweni n'chakuti malo ambiri mmenemo ndi minda ya anthu, ndipo chitetezocho chili ndi mtengo wake kwa iwo. Anthu a m'deralo akhala akudandaula kuti ana awo amavutika kupeza chilolezo chomanga nyumba pa malo a makolo awo. Mu 2012 bungwe loona za mapulani la An Bord Pleanála linakana msewu wolambalala tauni yoyandikana nayo ya Slane, mwa zina chifukwa mlatho wake ukanaonekera kuchokera ku malo otetezedwawa, pamene anthu a ku Slane ankaufuna chifukwa cha ngozi za malole zimene zinapha anthu pa chitsetse cholowera pa mlatho wakale. Mlendo wobwera tsiku limodzi amasangalala ndi chigwa chosadetsedwa ndi zomanga, koma amene amalipira zambiri kuti chikhale chotero si iye. Komabe mbali inayo ili ndi umboni wake: manda a ku Loughcrew, m'boma lomwelo la Meath, ndi a ku Carrowkeel ku Sligo, omwe alibe chipata cholondera chotere, azokotedwa ndi anthu osalabadira m'zaka zaposachedwapa.

Manda achitatu aakulu, a Dowth, sali pa ulendo wolipirawu, koma ndikulangiza aliyense amene ali ndi galimoto kuti apatukireko akatuluka. Kulowa n'kwaulere, palibe woperekeza, ndipo zipinda zake n'zokhoma ndi zitseko zachitsulo. Chitundacho chili ndi chidzenje chachikulu pamwamba, chotsalira cha kufukula kosasamala kwa mu 1847, ndipo miyala yake yambiri inatengedwa kukamangira zina. Munthu amene wangochoka ku Knowth ndi Newgrange amaona pamenepa mmene zitunda zija zikanaonekera pakanapanda chisamaliro, komanso amaona chitunda chimene konkire sinachikhudze kwenikweni, chomera udzu ndi mitengo, mofanana ndi mmene Newgrange inkaonekera asanaikonze. Dera limeneli likutulutsabe zatsopano. M'chilala cha Julaye 2018, Anthony Murphy ndi Ken Williams akuulutsa kandege kojambulira zithunzi anaona m'munda wa pafupi ndi Newgrange chizindikiro cha bwalo lalikulu lakale limene silinkadziwika, chifukwa mbewu zomera pamene panali maenje a nsanamira zinakhala zobiriwira kuposa zinzake. Chaka chomwecho kunalengezedwa za manda ena a mpita opezeka pafupi ndi nyumba ya Dowth Hall, ndipo mu 2023 boma linagula malo a Dowth Hall kuti akhale paki ya dziko. Basi ya ku Brú na Bóinne sipita ku Dowth, choncho wopanda galimoto adzafunika takisi kuchokera ku Drogheda kapena ku Slane, ndipo ndi bwino kuvala nsapato zosalowa madzi chifukwa njira yake imadutsa mu udzu.